Tikufuna kukwera ku Nyika pa njinga zamoto, amene munadutsako tiuzeni zoona

wa_ku_Kawale:

Abale anga muli bwa? Ndili ndi funso ndipo ndikufuna mayankho a anthu oti anapondako matayala kumeneko, osati zongomva ayi. Tilipo anayi, tonse a ku Lilongwe konkuno, tagwirizana kuti mwezi wa Julayi titenge holide tikaone kumpoto pa njinga. Njinga zake ndi ma Boxer 150 awiri, Lifan imodzi, ndi XL 125 yakale koma injini yake angoikonza kumene. Pulani yathu nde yoti tinyamuke m'mamawa kudzera M1, Kasungu, Jenda, kukagona ku Mzuzu, kukacha Rumphi, Bolero, kulowa m'paki ya Nyika pa geti la Thazima mpaka ku Chelinda komwe kuli malo ogona alendo, kenako kutulukira mbali inayo kudzera ku Nthalire mpaka Chitipa, kutsikira Karonga, kutsata nyanja mpaka pa Chitimba nkukwera Livingstonia pa msewu wa makona uja.

Tsono chomwe chikutivuta ndi ichi. Ena akutiuza kuti tinjinga ta 150 sitingakwere Nyika, tikafera panjira, ena akuti anyamata a kabaza amakwera daily ndi matumba a chimanga kumbuyo. Zoona zake ndi ziti? Mafuta timathira kuti komaliza, nanga tinyamule ochuluka bwanji? Komanso m'gulu mwathu muli mnzathu mmodzi amene njinga wayamba kuyendetsa chaka chathachi, pa tala alibe vuto koma msewu wafumbi wa m'mapiri sanaulawepo, ndipo wina akufuna atenge madam ake kumbuyo kuti nawonso akaone mbidzi. Ine ulendowu ndikuufuna ndi mtima wonse, munthu kubadwira m'dziko muno mpaka kukula osaona Nyika pomwe azungu akuchoka kutali kudzaiona sizikundisangalatsa, koma ndikufunanso tonse tibwerere kwathu amoyo ndi miyendo yathu. Tithandizeni.

Mdala wa AG:

Achimwene pitani, ulendo umenewu ndi wabwino zedi ndipo njinga zanuzo zikwera. Koma pulani yanuyi mwaipanga poyang'ana mapu, nde mapu pa nkhani ya nthawi amanama. Kuchoka pa Rumphi kukafika ku Chelinda ndi makilomita pafupifupi 120, theka lake kukafika pa Thazima, theka linalo mkati mwa paki. Pa tala mtunda umenewo mukanati maola awiri basi, koma kumeneko ndi gulu la anayi, wina wachilendo pa fumbi, kuima kujambula, kuima kumanganso katundu amene wakhwefuka, werengani kuti tsiku lonse lapita. Nde musachoke ku Mzuzu 9 koloko nkumati tikafika bwinobwino, kagoneni pa Rumphi penipeni kuti dzuwa likamatuluka mukhale muli kale panjira ya ku Bolero. Geti limatsekedwa 6 koloko madzulo, komanso ngakhale atakulowetsani mochedwa, msewu wa mkati uja si woyenda ndi nyali ya Boxer usiku.

Mafuta thirani fulu pa Rumphi, amenewo muwatenge ngati omaliza. Ku Chelinda musadalireko. Thanki ya Boxer 150 ndi malita 11, pa tala imakufikitsani kutali, koma mukamakwera chitunda pa giya 1 ndi 2 kwa maola njinga imamwa kwambiri kuposa mmene munazolowera mu town. Msewu wa Rumphi mpaka Chitipa kudzera ku Nyika ndi makilomita oposa 250, onjezerani kupatuka kupita ku Chelinda ndi kubwerera, onjezeraninso kuzungulira pamwamba paja kukaona Lake Kaulime, Chosi, mathithi a Chisanga, muona kuti thanki imodzi ikuchepa. Aliyense akhale ndi kachigubu ka malita 5 kotseka bwino, komangidwa kutali ndi ekizozi. Ndipo konzekeranitu chifukwa mafuta akamavuta ma filling station ambiri amakana kuthira m'zigubu, nde ena amathira m'thanki, nkukapopera m'chigubu ndi kapayipi, nkubwereranso pa pampu.

Koma ine chomwe ndikufuna mumve kwambiri si mafuta, ndi kuzizira. Anthu a ku Lilongwe mukamva kuti Julayi kumazizira mumaganiza za juzi imodzi. Chelinda ili pamtunda wa mamita oposa 2,200, nsonga ya Nganda ndi mamita 2,600, ndipo Juni ndi Julayi m'mamawa udzu umayera ndi chisanu, madzi osiyidwa panja m'beseni amatha kugwira pamwamba. Tsono pa njinga mphepo ija imalowa paliponse, ndipo choyamba kufa ndi zala. Ine ndinaonapo mnyamata wamphamvu bwinobwino ataima m'mbali mwa msewu akulephera kumasula lamba wa helemeti, zala zitauma osapindika, tinachita kumuuza kuti afungatire manja pafupi ndi injini kuti magazi ayambenso kuyenda. Munthu wotero akakumana ndi kona sangakoke buleki kapena kilatchi pa nthawi yake. Nde magolovesi enieni, osati aja a ubweya oluka amene mphepo imangodutsa. Renikoti muvale pamwamba pa jekete ngakhale kulibe mvula chifukwa imatchinga mphepo, ndipo nyuzipepala yakale mukaipinda nkuika pachifuwa mkati mwa jekete imathandiza modabwitsa. Nkhungu ikatsika imani kaye kapena yendani pang'onopang'ono nyali zili zoyaka, pamwamba paja mapiri ake ndi ofanana onse, udzu wokhawokha, munthu ukapatuka njira yolakwika suzindikira msanga.

Zinazi nde mukazionera nokha. Mukatuluka m'nkhalango ya miombo ija nkufika pa udzu, dziko limangotseguka mbali zonse, mbidzi, ntchefu, chilembwe zili poyera osabisala. Pena msewu umadutsa m'malire a Zambia koma palibe za pasipoti. Pakiyi ndi yaikulu kuposa onse m'Malawi muno, masikweya kilomita oposa 3,000, anaikhazikitsa 1965. Tengani ma ID anu, a Malawi timalipira zochepa pa geti kusiyana ndi alendo akunja.

Makanika wa pa Mchesi:

Amdala anena zoona, ine ndingowonjezera za njingazo poti ndiyo ntchito yanga.

Za mphamvu musadabwe, mukafika pamwamba njinga idzakhala yaulesi, mudzaponda giya yomwe mumakwerera chitunda kuno iyo nkumakana. Sikuti yafa ayi. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, nde kabureta imapereka petulo yemweyo koma mpweya wochepa, injini imataya mphamvu mwina gawo limodzi mwa magawo asanu pa mtunda wa ku Chelinda, pulagi imada ndi mwaye ndipo m'mamawa kulira kumavuta. Musayambe kumasula kabureta m'tchire, ingotsitsani giya msanga injini izilira momasuka, tchoko mukalizira muzibweza msanga, ndipo aliyense akhale ndi pulagi yapadera ndi sipanala yake. Filita ya mpweya muitsuke musananyamuke ndipo mukaionenso ku Chelinda chifukwa amene akuyenda kumbuyo amadya fumbi la anzake onse, filita ikatsekeka nde vuto la mpweya lija limawirikiza.

Matayala ndiye nkhani yaikulu. Ngati mapanga ake atha sinthani muli konkuno, makamaka lakumbuyo, gulani aja a mapanga akuluakulu. Mukachoka pa tala chotsaniko mpweya pang'ono kuti tayala lizigwira pansi, koma pang'ono pokha, mukaphwetsa kwambiri mwala umatsina chubu pa limu nkuboola malo awiri nthawi imodzi. Nyamulani machubu atsopano, lakutsogolo ndi lakumbuyo, onani saizi chifukwa XL mawilo ake ndi osiyana ndi a Boxer, zigamba, guluu, zitsulo zochotsera tayala ndi pampu yamanja. Ndipo yesezani kuchotsa wilo lakumbuyo pakhomo panu musanapite, anthu ambiri amanyamula zida zomwe sanazigwiritsepo ntchito nde kukaphunzirira m'mphepo ya ku Nyika manja akunjenjemera ndi zowawa.

Msewu wafumbi pali malo ena amakhala ndi timizere todukizadukiza ngati malata, pamenepo chilichonse chomangidwa ndi bawuti chimakhwefuka. Keriyala, magalasi, nambala puleti, ekizozi, ngakhale mawaya a batire. Madzulo aliwonse mukafika pogona zungulirani njinga ndi sipanala 10, 12, 14 ndi 17, gwirani masipoko muone ngati ena alefuka, onani tcheni ngati sichinatayike nkuthira oyilo pang'ono. Kebulo ya kilatchi yapadera, cholumikizira tcheni, waya wofewa ndi malamba a mphira odula ku chubu chakale, zimenezo sizilemera koma zimapulumutsa ulendo.

Potsetsereka musakhalire buleki. Mabuleki a dramu akatentha amasiya kugwira, umaponda phazi mpaka pansi njinga ikungopita. Lowani giya 1 kapena 2 musanayambe mtsetse, injini izikugwirirani, ndipo chonde musazimitse injini kapena kuika nyutulo kuti musunge mafuta monga amachitira ena, pa mapiri amenewo ndi imfa. Buleki yakutsogolo pa timiyala muziigwira mofatsa njinga ili chilili, mukaikoka mwadzidzidzi pa kona tayala limathawa nthawi yomweyo. XL ija mwati injini angoikonza kumene, iyendeniko kaye makilomita mazana angapo kuno nkusintha oyilo, isakayambire ntchito pa chitunda cha Thazima.

Mafuta a m'mabotolo a m'mbali mwa msewu mukakakamizika kugula, sefani pa kansalu koyera ndipo muyang'ane pansi pa botolo, madzi amakhala pansi amaoneka.

Mwana wa ku Bolero:

Monire mose, mwatikumbuka kwathu nde tasangalala. Njinga za 150 kwathu ndiye galimoto zathu, zimakwera ndi fodya, ndi mbuzi, ndi odwala, nde za kukwera musade nkhawa. Koma kumbukirani kuti anyamata amene mukuwanenawo msewu amaudziwa dzenje lililonse, inu ndinu alendo, musapikisane nawo akakupitirirani.

Ine pempho langa ndi la m'midzi. Msewu wochoka ku Bolero kupita ku Thazima umadutsa pakati pa anthu, ana a sukulu, amayi osenza madzi, ngolo za ng'ombe, mbuzi zongodumphira mumsewu. Njinga zinayi zikadutsa mothamanga fumbi lake limagwera pa ufa umene amayi ayanika pa mphasa, ndipo anthu sakondwa nazo. Chepetsani liwiro, kwezani dzanja, mukaima nenani monire, akakuthandizani nenani yewo, Chichewa amamva koma moni wa Chitumbuka umatsegula mitima, ndipo tsiku lomwe njinga yanu yafa ndi anthu omwewo adzakusungireni pakhonde. Ku Bolero ndi kumene kuli likulu la a Chikulamayembe, gulanikoni zakudya zomaliza, buledi, mazira, tomato, nthochi, chifukwa kumtunda kulibe golosale yoti mungadalire.

Njovu ziliko, makamaka chigawo cha m'munsi chamitengo mukangolowa pa Thazima, mu 2017 anabweretsanso zina 34 kuchokera ku Liwonde. Funsani a pa geti kuti zaoneka chakuti masiku amenewo. Mukaona ndowe zaziwisi mumsewu ndi nthambi zothyoka kumene, yendani maso ali patsogolo, mukaziona imani patali, musalize hutala, tembenuzani njinga iyang'ane komwe mwachokera nkudikira zidutse zokha. Mukafuna kupatukira ku Vwaza ku Kazuni dziwani kuti kuli kashembe amene amapereka matenda a kaodzera, amakonda zovala zakuda ndi zabuluu ndipo amatsatira chinthu choyenda, valani zamanja aatali. Mukabwerera ku Lilongwe wina nkuyamba kutentha thupi auze adokotala komwe anali, asangoti ndi malungo.

Pa za nthawi ine ndisiyana pang'ono ndi pulani yanu. Julayi kumwamba kumayera bwino koma kuzizira kwake amdala anena kale. Kukanakhala kotheka ndikanati kumapeto kwa Ogasiti kapena Seputembala, msewu ndi wouma, kuzizira kwachepa, maluwa ayamba kutuluka m'malo omwe anatentha udzu. Dzinja lokha ayi, maluwa a ma orchid aja amakongola nthawi imeneyo koma dothi lofiira lija likanyowa njinga siimirira.

Area 47 boy:

Koma akuluakulu bwanji osangosonkherana nkupanga hayala galimoto ya 4x4? Mavuto onsewa a chani, kuzizira, machubu, njovu, pomwe mukanakhala m'galimoto muli phee ndi madam omwe. Chipatala chili kutali kumeneko mukagwa.

Mayi wa DT:

Achimwene a ku 47, za chipatala mwanena zoona ndipo nzofunika kuziganizira, wina akathyoka mwendo pamwamba paja chipatala chachikulu chapafupi ndi cha boma pa Rumphi, maola ambiri pa msewu womwewo, netiweki nayo ndi ya apo ndi apo. Koma amene anayendapo pa njinga m'mapiri akudziwa kuti ndi zinthu ziwiri zosiyana, pa njinga fungo la udzu ndi la mitengo ya paini ya ku Chelinda umalimva, kuzizira kwa m'madambo umakumva pa nkhope ukamatsika, ukazimitsa injini mbidzi zili apo umamva zikubudula udzu. Asiyeni apite, tingowathandiza kuti apite mwanzeru.

Ine ndayenda kwambiri pa njinga ya DT m'midzi ya m'mapiri pa ntchito, nde ndilankhula za mnzanu wachilendoyo chifukwa ulendo wonsewu ukuyenera kuyendera iyeyo. Ngozi zambiri za pagulu sizichitika chifukwa msewu ndi woipa, zimachitika chifukwa wotsalira akuthamangira anzake. Amaona fumbi lanu likutha patsogolo, mtima umayamba kugunda, manyazi amugwira kuti aziti ndine wamantha, nde amakoka mafuta pa kona yomwe sakuidziwa. Musamuike kumbuyo. Patsogolo pakhale wodekha amene amadziwa kuwerenga msewu, wachilendoyo akhale wachiwiri kuti aziona mzere umene mnzake akudutsa, ndipo kumbuyo kwenikweni kukhale katswiri wanu amene wanyamula zida ndi pampu. Siyanani mtunda woti fumbi la wakutsogolo lithe kaye, pa fumbi suona dzenje. Lamulo likhale loti aliyense amayang'anira amene ali kumbuyo kwake, ukapanda kuona nyali yake pagalasi kwa kanthawi umaima, ndipo pa mphambano iliyonse palibe kupatuka mpaka wakumbuyo wakuona komwe walowera. Mukatero gulu lonse limaima lokha wina akapeza vuto, popanda foni.

Musananyamuke mutengeni mnzanuyo Loweruka lina mukamuyendetse ku Dzalanyama kapena misewu ya kuseri kwa phiri la Dedza, ali ndi katundu yemwe adzanyamule. Aphunzire kuyang'ana kutali komwe akufuna kupita osati pa mwala umene akuuopa, chifukwa njinga imapita komwe maso ali, aphunzire kumasula mapewa osaumitsa manja pa handulo, kudzuka pang'ono pa mpando pa mabampu, ndi pa mchenga kusatseka mafuta mwadzidzidzi.

Za madam ndinena mosabisa monga mzimayi. Njinga ya 150, anthu awiri, zikwama, chigubu cha petulo, pa chitunda pomwe injini yataya kale mphamvu, ndi kuwazunza mayiwo komanso kuika onse awiri pa ngozi. Wokwera kumbuyo ndi amene amamva mabampu onse mumsana ndipo amazizidwa kwambiri poti sakuchita kanthu. Ngati akufunadi kukaona, ndipo ali ndi ufulu wokaona, katundu yense wa njinga imeneyo agawidwe kwa enawo, akhale ndi helemeti yawo yowakwana, jekete, magolovesi ndi nsapato zotseka, ndipo pa malo oipa atsike ayende pansi. Apo ayi akwere basi mudzakumane ku Chitimba, mbali ya kunyanja ndi yabwino kwa awiri.

Gorodi, msewu wa makona wa ku Livingstonia uja, mwachita bwino kuti mukwere osati kutsika, kwa wachilendo kukwera nkosavuta. Ndi makilomita pafupifupi 15 kuchoka pa Chitimba, makona 20 okhota kotheratu, miyala yosakhazikika, mbali inayi phompho. Giya 1, mafuta osadukiza, kona muziyiyambira kunja koma mutaliza hutala chifukwa matola amatsika momwemo ndipo malo opatukirana ndi ochepa. Musaime pakati pa kona, phazi la kumunsi silipeza pansi nde njinga imakugwetsani muli chiimire. Lolani mmodzi amalize kona asanalowe wina. Mukafika pamwamba imani pa mathithi a Manchewe, ndi mamita 125 kutsika kwake, kenako Stone House ya Robert Laws amene anasamutsira mishoni kumeneko mu 1894 kuchoka ku Bandawe. Chipatala cha David Gordon Memorial chili pomwepo. Pobwerera simukuyenera kutsikanso Gorodi, pali msewu wa kuseri wotulukira mbali ya Rumphi.

wa_ku_Kawale:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerengera anzanga zonse ndipo tagwirizana zosintha. Tikagona pa Rumphi osati Mzuzu, mnzathu uja tiyamba naye ku Dzalanyama sabata ino, ndipo madam avomera okha kuti adzatipeza kunyanja. Mwezi sitingasinthe chifukwa cha ntchito nde tilimbana ndi magolovesi ndi marenikoti. Funso lomwe latsala ndi la mbali ya Nthalire ija, palibe amene wainena kwenikweni. Tipitirire mpaka Chitipa kapena tibwerere pa Thazima pomwe tinalowera nkuzungulira pa tala kudzera Chiweta?

Mdala wa AG:

Zimenezo mukagamule muli ku Chelinda, osati pano. Mbali ya geti la Kaperekezi kutsikira ku Nthalire ndi yokongola koma ndi yayitali, magalimoto ndi ochepa kwambiri, mitsetse yake ndi yamiyala, nde njinga ikafa kumeneko mudikira nthawi. Usiku woti mawa munyamuka funsani ogwira ntchito m'paki kuti msewu uli bwanji ndipo ndani wadutsako posachedwa, yang'anani mafuta a njinga yomwe ikumwa kwambiri osati yomwe ikusunga, ndipo mufunseni mnzanu wachilendoyo payekha, osati pagulu, ngati mikono ndi msana zikumulola. Zitatuzi zikakhala bwino nyamukani kukangocha, uzani a pa geti komwe mukulowera, mukafika Chitipa kwatsala ndi tala wa makilomita pafupifupi 100 kutsikira ku Karonga. Chimodzi chikakayikitsa bwererani pa Thazima, Rumphi muthirenso mafuta, nkutsika Chiweta mosamala chifukwa mathiraki a malasha ndi matanka amadzaza makona ake, mpaka mukafike pa Chitimba.